Musamenye mwana chifukwa cha sikirini yakuda: mizere khumi ingapulumutse zikalata za banja

Lamulungu lino, amayi ndi abambo, tiyeni tipumitse kaye nkhani za apongozi, ndalama za ndiwo ndi mafoni otsekedwa ndi nambala zachinsinsi. Tikambe za katundu wina amene walowa m'makomo ambiri mwakachetechete, ndiye kompyuta yakale. Ena adakutumizirani ndi achimwene a ku Joni, ena mudagula ya kaunjika ku Limbe mutagulitsa nandolo kapena mpendadzuwa, enanso ndi laputopu ija mudamaliza nayo maphunziro ku koleji. Ikadalipo ndipo imayaka, ngakhale imachedwa ngati ngolo ya ng'ombe m'matope a Febuluwale. Ana amaonerapo mafilimu, abambo amamverapo nyimbo, amayi amaipukuta fumbi n'kuifunditsa kansalu.

Ndiye tsiku lina mukulowa m'nyumba, mukupeza mwana watsegula chinthu chachilendo. Sikirini yada bii, zithunzi palibe, pali tizilembo toyera basi ndi kamzere kakuphethira. Mtima uli myuu. Mukuganiza kuti mwana waononga katundu wodula, dzanja lanyamuka kale. Dikirani kaye. Mwanayo sadaononge kanthu. Watsegula khomo lakale kwambiri la kompyuta, ndipo kuseri kwa khomo limenelo kuli wantchito amene angakusungireni zikalata za banja lanu osakulipiritsani ngakhale tambala. Lero ndikuonetsani mmene mungamutumire, inu nonse awiri pamodzi ndi mwana wanuyo.

Nkhaniyi ikukhudza bwanji banja?

Anthu a ku Phalombe safunika kuwaphunzitsa za madzi. Akuluakulu akukumbukira napolo amene adatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 n'kukokolola midzi, milatho ndi anthu mazanamazana. Achinyamata nawo adadzionera okha mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy adasakaza bomali pamodzi ndi Mulanje, Chiradzulu, Blantyre ndi maboma ena a kummwera, mpaka madera ngati Nkhulambe kukhala ovuta kuwafikira.

Palibe pepala limene lingafanane ndi moyo wa munthu. Koma madzi akaphwa, wopulumuka amayamba ulendo wina wotopetsa. Satifiketi ya MSCE yapita. Chiphaso cha unzika chapita. Mtchatho, makalata a malo, mabuku a kusikelo a ana, kaundula wa banki mkhonde wosonyeza amene adabwereka ndi amene adabweza, zonse zasanduka phala. Zowawa kwambiri ndi zithunzi za makolo amene adatisiya, chifukwa izo palibe ofesi imene ingakupatseninso.

Ndipo si madzi okha ayi. Chiswe, moto wa kandulo, denga lodontha, mbava, ngakhale mwana wokwawa amene wapeza envulopu pansi pa bedi, zonsezi zimadya mapepala.

Ambiri mwayamba kale kujambula zikalata zanu pa foni, ndipo mwachita bwino. Chithunzi sichilowa m'malo mwa chikalata chenicheni, koma chimasunga nambala, tsiku ndi dzina monga lidalembedwera, zinthu zimene amakufunsani mukapita kukapempha china. Vuto ndi lakuti foni imabedwa, imagwera m'ndowa, imafa yokha. Zithunzizo zikufunika zikhale malo awiri kapena atatu. Ntchito yozikopera mwezi ndi mwezi ndi yotopetsa, ndiye timaiwala. Apa ndi pamene sikirini yakuda ija imathandiza.

Kodi idachokera kuti?

Kale kompyuta idalibe tizithunzi todina. Mu Ogasiti 1981 kampani ya IBM ya ku America idatulutsa kompyuta yapatebulo yotchedwa IBM PC, ndipo pulogalamu yoiyendetsa idachokera ku Microsoft, kampani ya Bill Gates ndi Paul Allen. Microsoft idachita kugula pulogalamu yotchedwa 86-DOS, imene Tim Paterson adalemba m'chaka cha 1980 ku kampani ya Seattle Computer Products, n'kuikonzanso. Ndi imeneyi idatchuka ndi dzina loti MS-DOS.

Ukayatsa kompyuta ya nthawi imeneyo unkangoona chilembo ndi kamzere kakudikira. Chilichonse chimene ukufuna unkachita kulemba. Chilembo A ndi B zinkaimira malo olowetsa madisiketi, C n'kukhala hard disk, nkhokwe ya m'kati mwa kompyuta. Ndi chifukwa chake mpaka lero nkhokwe yaikulu ya kompyuta yanu imatchedwa C ngakhale A ndi B simudaziwonepo. Disiketi yotchuka ija inkanyamula 1.44 MB yokha, moti zithunzi zambiri za mafoni a masiku ano, chimodzi chokha sichingakwanemo.

Maina a mafayilo nawo adali ndi malire: zilembo zisapitirire 8, kenako kadontho, kenako zilembo zitatu. Dzina loti PHALOMBE linkakwana ndendende, koma CHIKALATA ayi, chifukwa lili ndi zilembo 9. A ku Chiradzulu ankachita kudula dzina la kwawo.

MS-DOS yomaliza kugulitsidwa payokha idali 6.22 ya m'chaka cha 1994. Itabwera Windows 95 m'chaka cha 1995, anthu ambiri adazolowera kudina zithunzi ndi mausi. Windows za masiku ano sizidaliranso DOS, koma Microsoft idasiyamo kazenera kotchedwa Command Prompt kamene kamamva malamulo ambiri akale aja. Kali mu Windows XP, 7, 10 ngakhale 11. Ndi kamene mwana wanu adatsegula. Inunso mukafuna, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani CMD, kenako dinani Enter.

Kutuma kompyuta ngati mmene mumatumira mwana

Yesani malamulo ochepa awa, onse ndi osaopsa. Mukalemba lililonse muzidina Enter.

DIR amakuonetsani mndandanda wa zimene zili mu foda imene mulimo. CD amakusamutsani kupita mu foda ina, mwachitsanzo CD C:\BANJA. MD amapanga foda yatsopano. COPY amakopera fayilo kuchoka apa kupita apo. CLS amapukuta zolembedwa pa sikirini, koma safufuta fayilo iliyonse. ECHO amauza kompyuta kuti ionetse mawu amene mwalemba. PAUSE amaiimitsa mpaka mutadina batani.

Tsono kulemba malamulo omweomwewo tsiku ndi tsiku kumatopetsa. Anthu akale aja adapeza njira. Amayi, mukamatuma mwana kumsika wa Migowi kapena Chiringa, simumutuma mchere kaye, abwere, mumutumenso tomato, abwere, mumutumenso usipa. Mumalemba zonse pa kapepala kamodzi: uyambe wakagayitsa, kenako ugule izi, ukapeza kuti usipa palibe ugule matemba. Fayilo ya batch ndi kapepala kameneko. Ndi malamulo olembedwa mzere ndi mzere, osungidwa m'fayilo imene dzina lake limathera ndi .BAT. Mukaidina, kompyuta imawerenga kuyambira pamwamba kutsika m'munsi n'kumachita limodzilimodzi. Pa makompyuta a MS-DOS padali fayilo yotere yotchedwa AUTOEXEC.BAT, imene inkagwira ntchito yokha nthawi iliyonse kompyuta ikayatsidwa.

Koma pali kusiyana kumodzi kofunika. Mwana ukamulembera molakwika amaganiza yekha kuti amayi amatanthauza chakuti. Kompyuta siiganiza. Imachita chimene mwalemba, osati chimene mumafuna kulemba. Mfundo imeneyi muigwire, tibwererakonso.

Tiyeni tilembe yathu

Choyamba, pangani foda imodzi pa C, muitche BANJA. Mu Command Prompt mungolemba MD C:\BANJA. M'kati mwake pangani mafoda ang'onoang'ono monga ZIKALATA, ZITHUNZI, SUKULU ndi GENI. Maina akhale aafupi, opanda mpata pakati, chifukwa dzina lokhala ndi mpata limasokoneza lamulo pokhapokha mutalitsekera m'zizindikiro za mawu ogwidwa. Samutsirani mmenemo zonse zofunika zochokera mu foni.

Chachiwiri, gulani fulashi imene ntchito yake idzakhala imeneyi yokha. Ilowetseni, muone chilembo chimene kompyuta yaipatsa mukatsegula My Computer kapena This PC. Pano tiyerekeza kuti ndi E. Ngati yanu ndi D kapena F, musinthe paliponse pamene ndalemba E.

Chachitatu, tsegulani Notepad, lembani mawu alionse, musunge pa fulashiyo ndi dzina loti KIYI.TXT, panja penipeni osati mu foda. Kafayilo kameneka ndi chizindikiro chakuti fulashi iyi ndi ya banja.

Chachinayi, tsegulaninso Notepad n'kulemba mizere khumi iyi monga ilili:

@ECHO OFF
REM Fayilo yosungira zikalata za banja
IF NOT EXIST E:\KIYI.TXT GOTO PALIBE
XCOPY C:\BANJA\*.* E:\BANJA\ /S /D /Y
ECHO Ntchito yatha. Werengani uthenga uli pamwambapa.
GOTO MAPETO
:PALIBE
ECHO Fulashi ya banja sinapezeke.
:MAPETO
PAUSE

Posunga, sankhani Save As, pamalo a mtundu wa fayilo musankhe All Files, dzina mulembe SUNGA.BAT. Mukapanda kusankha All Files, Notepad ikhoza kuwonjezera .TXT kumapeto, ndiye mukaidina ingotseguka ngati kalata wamba. Ikani fayiloyi pa desktop pamene aliyense angaione.

Tsopano timve zimene mzere uliwonse ukunena, chifukwa si bwino kuyendetsa chinthu chimene simukuchimvetsa. Mzere woyamba ukuuza kompyuta kuti isamabwereze malamulo pa sikirini, izingoonetsa zotsatira. Wachiwiri, woyamba ndi REM, kompyuta imaudumpha. Ndi chikumbutso cha inu eni ake. Wachitatu ndi mlonda wa pachipata: ngati KIYI.TXT palibe pa E, kompyuta ilumphe kupita pamene palembedwa :PALIBE, ikuuzeni kuti fulashi sinapezeke, isakopere kanthu. Mlondayu ndi wofunika. Tsiku lina mlamu wanu adzalowetsa fulashi yake ya nyimbo, mwana n'kudina SUNGA, ndipo popanda mzere umenewu ziphaso zanu zonse zingapite kumudzi kwa eni ake.

Mzere wachinayi ndiye mwini ntchito. XCOPY ndi mkulu wake wa COPY, adabwera ndi DOS 3.2 m'chaka cha 1986. Malo oyamba ndi kochokera, achiwiri ndi kopita. Tinyenyezi tiwirito tikutanthauza fayilo iliyonse. /S akuti atenge ndi mafoda a m'kati omwe. /D akuti atenge zatsopano zokha ndi zimene zasinthidwa, ndiye ulendo woyamba idzachedwa koma maulendo otsatira ndi kanthawi kochepa. /Y akuti isamakufunseni fayilo iliyonse ngati ilembe pamwamba pa yakale. Ikamaliza imaonetsa chiwerengero cha mafayilo amene yakopera. Mukaona 0 pamene simudaike chatsopano, musadandaule, ndi momwemo. PAUSE wa kumapetoyo ndi woti zenera lisatsekeke musanawerenge.

Musakhulupirire chabe. Tsegulani fulashiyo, mutsegule zithunzi ziwiri zitatu muone ngati zikuoneka. Ndipo popeza magetsi athu amathima osatsanzika, chitani ntchitoyi batire la laputopu lili lodzaza, ndipo musazule fulashi ikadali kukopera.

Malamulo amene sabweza

Ndidati kompyuta imachita chimene mwalemba. Pali malamulo atatu amene mwana aliyense awadziwe kuti ndi moto.

Loyamba ndi DEL. Mukafufuta fayilo ndi mausi pa hard disk, imapita mu Recycle Bin, mukhoza kuitolanso. Mukafufuta ndi DEL siidutsa kumeneko. Mukalemba DEL *.* kompyuta imayamba yakufunsani ngati mwatsimikiza, koma mukalemba DEL *.JPG imasesa zithunzi zonse za mu fodayo osafunsa. Madzi akatayika saoleka.

Lachiwiri ndi RD lokhala ndi /S, limene limagwetsa foda ndi zonse zili m'kati mwake. Lachitatu ndi FORMAT, limene limapukuta nkhokwe yonse. Mawu amenewa mudzawamvanso kwa okonza makompyuta. Kompyuta ikangovuta pang'ono, yankho lachangu limakhala lakuti tiifomate. Musavomere musanadine SUNGA n'kuona kuti zonse zili pa fulashi. Safunsa adadya phula: funsani kaye ngati mafayilo anu atsala.

Chenjezo lina ndi la mafayilo a .BAT ochokera kwa ena. Mnzake wa mwana wanu angamupatse fayilo n'kumuuza kuti imathamangitsa kompyuta kapena imabweretsa intaneti yaulere. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ubwino wa fayilo ya batch ndi woti siibisa kanthu. Musaidine, itseguleni mu Notepad n'kuiwerenga. Mukaona DEL, RD, FORMAT kapena mizere imene simukuimvetsa, isiyeni. Likhale lamulo la m'nyumba: fayilo yachilendo timayamba taiwerenga.

Samalaninso kuti pa mzere wa XCOPY musatembenuze kochokera ndi kopita. C ayambe, E atsatire. Tsiku lokhalo lotembenuza ndi pamene kompyuta yaonongeka ndipo mukubwezeretsa zinthu pa ina.

Fulashi ikabwera yopanda kanthu

Nayi nkhani imene yaliritsa ambiri. Mwapita ndi fulashi kukapulinta kalata yofunsira ntchito, kapena mwana wapita nayo kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu. Pobwera, mafayilo onse asowa, kwatsala tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona. Ena amafomata pomwepo, ena amayamba kulozana zala m'nyumba kuti wafufuta ndani.

Nthawi zambiri mafayilowo sadafufutidwe. Pali vayirasi imene imangowabisa n'kuika tinjira tabodza m'malo mwake. Tinjira timeneto musatidine, chifukwa kudinako ndi kumene kumadzutsa vayirasiyo. Tsegulani Command Prompt mulembe mzere uwu:

ATTRIB -H -R -S /S /D E:\*.*

Lamuloli limavula mafayilo ndi mafoda chizindikiro chowabisa. Mukatsegulanso fulashi mudzawaona, nthawi zina ali mu foda yopanda dzina. Koma mvetsetsani: ATTRIB amangoulula zobisika, sapha vayirasi. Fulashiyo ndi kompyuta yomwe zikufunikabe kuunikidwa ndi pulogalamu yolimbana ndi mavayirasi.

Phunziro lake ndi lakuti m'nyumba mukhale mafulashi osiyana. Ina ndi yoyendayenda, ya nyimbo ndi kukapulinta. Ya banja siituluka kupita kumsika, siibwerekedwa. Muli ziphaso zanu mmenemo, ndipo munthu wakuba akapeza chithunzi cha chiphaso chanu akhoza kuchita nacho zachinyengo m'dzina lanu.

Kumbukiraninso kuti Microsoft idasiya kusamalira Windows XP m'chaka cha 2014 ndi Windows 7 m'chaka cha 2020. Kompyuta yotere ndi yabwinobwino polembera ndi kusungira zinthu, koma musamalowe nayo pa intaneti kukachita za kubanki.

Fulashi imodzi sikwanira

Fulashi imene ili m'thumba limodzi ndi laputopu ndi yosathandiza tsiku la madzi kapena la mbava, zimapitira limodzi. Mukakwanitsa gulani ziwiri, iliyonse ndi KIYI.TXT wake. Ina ikhale panyumba, yokulungidwa mu pulasitiki, pamalo okwera. Inayo ikakhale kwina: kwa malume odalirika amene nyumba yawo ili kumtunda, kapena kwa m'bale wa ku Zomba kapena ku Blantyre. Mukamayenderana muzisinthanitsa.

Pali chifukwa chinanso. XCOPY safufuta pa fulashi zimene mwafufuta pa kompyuta, ndipo izi n'zabwino. Koma fayilo ikaonongeka pa kompyuta, kapena wina akalemba zolakwika mu kaundula wa geni n'kusunga, kompyuta imaiona ngati yatsopano n'kuilemba pamwamba pa yabwino ija. Fulashi yachiwiri, imene idakhala kwa malume mwezi wonse, ndi imene idzakupulumutseni. Tsiku limene muli ndi bandulo, dzitumizireninso zikalata zofunika kwambiri pa imelo yanu.

Mawu kwa abambo

Abambo, m'makomo ambiri kompyuta ndi ya inu. Nambala yachinsinsi mumaidziwa nokha, akazi anu amangoiona ngati wailesi ya eni. Ndikufunseni: mutagonekedwa m'chipatala mwezi wathunthu, kapena mutapita ku Mozambique kukachita geni n'kuchedwa, mayi a kunyumba angapeze satifiketi ya mwana ikufunika kusukulu? Angadziwe amene ali nanu ngongole?

Foda ya BANJA si ya mwamuna, si ya mkazi. Nonse mudziwe pamene ili, nonse mudziwe kudina SUNGA, nonse mudziwe kumene fulashi yachiwiri ikugona. Mabanja ambiri amasauka kawiri pa tsiku la tsoka: koyamba chifukwa cha tsokalo, kachiwiri chifukwa amene ankadziwa zinthu adali mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Nanunso amayi, musamati za makompyuta n'za amuna. Inu amene mumasunga kaundula wa banki mkhonde osalakwitsa tambala, mumawerengera ufa kuti ufike kumapeto a mwezi, mizere khumi ingakukanikeni? Khalani pampando, bambo aime kumbuyo, mulembe ndinu. Ndipo inu achinyamata amene mwangotenganapo kumene, yambani pano mapepala akadali ochepa. Mtchatho, zithunzi za chinkhoswe ndi za ukwati, buku la kusikelo la mwana woyamba. M'mera mpoyamba.

Nanga mwana uja?

Mwana amene adatsegula sikirini yakuda ali ndi chidwi, ndipo chidwi sitizimitsa ndi mbama. Mupatseni udindo. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse akhale iye wokumbutsa banja, wosamutsa zithunzi kuchoka mu foni, wodina SUNGA inu mukuona. Akhale mtsikana kapena mnyamata, zilibe kanthu. Musalole kuti mnyamata akhale pa kompyuta pamene mlongo wake ali ku mbale tsiku lililonse.

Muyambitseni ndi kafayilo kosewera ka mizere itatu:

@ECHO OFF
ECHO Moni agogo, mwadzuka bwanji?
PAUSE

Asunge ngati MONI.BAT, akawaitane agogo adzaone kompyuta ikuwapatsa moni m'Chichewa. Akalakwitsa chilembo chimodzi, kompyuta idzakana. Ya MS-DOS inkayankha mwachidule kuti Bad command or file name. Ya masiku ano imanena kuti lamulolo siikulidziwa. Musamuuze yankho msanga. Awerenge uthengawo, ayang'ane mzere ndi mzere mpaka apeze pamene padalakwika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene akuphunzira pamenepo si zazing'ono. Akuphunzira kuika zinthu mu ndondomeko, choyamba chiyambe, chachiwiri chitsatire. Akuphunzira kuti IF ndi kusankha njira malinga ndi mmene zinthu zilili, ndipo maganizo omwewo ndi amene ali m'mapulogalamu akuluakulu, ngakhale otumizira ndalama pa foni. Akadzafika ku sekondale kumene kuli phunziro la Computer Studies, limene limalembedwa pa mayeso a MSCE, sadzakhala mlendo. Ndipo zonsezi sizifuna intaneti, sizifuna bandulo, sizifuna kompyuta yatsopano.

Malire okha muike. Asewere mu foda yakeyake, muitche MASEWERA, osati mu BANJA. DEL, RD ndi FORMAT asalembe popanda wamkulu pambali. Ndipo nthawi ya kompyuta isadye nthawi ya homuweki ndi ntchito za pakhomo.

Ntchito ya sabata ino

Musadikire mitambo ide. Madzulo ano mukatha kudya, tulutsani envulopu ija ya pansi pa matiresi. Yalani zikalata pa tebulo, mawa kukawala muzijambule chimodzichimodzi, mawu ndi manambala azioneka bwino. Ziikeni mu foda ya BANJA. Lembani mizere khumi ija, mmodzi akuwerenga, wina akulemba, mwana akuyang'anira ngati timadontho ndi timizere zili m'malo mwake. Dinani SUNGA, mutsegule fulashi mutsimikize. Mapepala enieniwo muwabwezere mu pulasitiki yosalowa madzi, muwaike pamwamba.

Amene mulibe kompyuta, musadzione otsalira. Jambulani zikalatazo pa foni, mutumize kwa m'bale mmodzi amene mumamukhulupirira, ndipo mwamuna ndi mkazi nonse mudziwe kuti zili kwa yani.

Mukakakamira penapake, tilembereni ku tsamba lino, mutiuze uthenga umene kompyuta yaonetsa monga walembedwera. Mulungu adalitse mabanja anu. Tionana Lamulungu likudzali.